Akuti sickle cell yapezedwa mankhwala ochiritsiratu, zoona zake ndi ziti?

Mayi a Tadala: Moni nonse abale. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga wadzaza. Mwana wanga wachiwiri, Tadala, wa zaka 6, amene amadwala matenda a magazi a sickle cell, tatuluka naye m'chipatala dzulo, ulendo wachitatu chaka chino. Ulendo uno inali miyendo ndi msana, amalira usiku wonse osafuna ngakhale kumukhudza, mpaka anamuika magazi. Mlamu wanga wanditumizira kavidiyo kakuti ku America apeza mankhwala ochiritsiratu sickle cell. Kodi ndi zoona? Ngati ndi zoona zimatheka bwanji, nanga kuno zidzafika? Chinanso chimene chikundisowetsa tulo, kuchimuna akuti matendawa ndinabwera nawo ndine, chifukwa kwawo kulibe amene anadwalapo zotere. Odziwa ndithandizeni.

Nachisale: Pepani kwambiri mayi. Mulungu amukhudze mwanayo.

Chimwemwe wa ku labu: Mayi, za vidiyo ayankhe a Yamikani, ndiwo akuphunzira zimenezo. Ine ndiyambe ndi za kuchimunazo chifukwa ndimakumana nazo mwezi ndi mwezi pa ntchito. Mwana sangadwale sickle cell potengera kholo limodzi. Sizitheka. Jini yopanga hemoglobin munthu aliyense amakhala nazo ziwiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Amene ali ndi yabwinobwino imodzi ndi ya sickle imodzi timati ndi AS. Ameneyo amalima, amasewera mpira, amakalamba osadziwa kanthu. Wodwala ndi amene walandira mbali zonse ziwiri, SS. Ndiye kwawo kwa abambowo kukhoza kukhaladi kopanda wodwala, koma chinthucho chikuyenda m'magazi mwawo mwakachetechete kuchokera kwa makolo akale. Mayi ndi bambo onse akakhala AS, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi woti mwana akhale SS. Ndikuti mimba iliyonse payokha. Banja lina ana asanu onse amapulumuka, lina awiri otsatizana amadwala.

Aphunzitsi Mbewe: Ana anga, ndifunse ndine wamkulu. Mukamati majini mukunena chiyani? Kwathu kuno ku Kasungu munthu akamva mawu amenewo amaganiza za mizimu yogwira anthu. Mukakawauza apongozi a mayiwa kuti mwana ali ndi vuto la majini, mawa lomwe amutengera kwa sing'anga.

Yamikani ku Cape Town: Aphunzitsi mwanena zenizeni, ndipo ine ndikamalankhula ndi akumudzi ndimapewa mawuwo, ndimangoti chotengera cha m'magazi. Jini imene tikunena pano ndi kachigawo ka DNA. Mkati mwa maselo a thupi lathu muli malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo zilipo pafupifupi 3 biliyoni pa mbali imene timalandira kwa kholo limodzi. Kachigawo kamene kamalamula kapangidwe ka mbali ina ya hemoglobin kamatchedwa HBB, kali pa chromosome 11. Hemoglobin ndiye chinthu chofiira chija chimene chimanyamula okosijeni m'magazi.

Pa sickle cell palakwika chilembo chimodzi basi. Pamene panayenera kulembedwa GAG palembedwa GTG. Aphunzitsi, tayerekezani mwalembera mwana kalata kuti "ukagule mbuzi", cholembera n'kuterereka pa chilembo chimodzi, kalatayo n'kufika ikuti "ukadule mbuzi". Mwanayo achita zimene wawerenga. Selo nayonso imachita zimene yawerenga: pa mkanda wa timagawo 146, pa malo a chisanu ndi chimodzi, imaika valine m'malo mwa glutamic acid. Valine sagwirizana ndi madzi, amafuna pomatirira. Choncho hemoglobin ikangotula okosijeni wake, imayamba kumatana inzake n'kupanga timitengo touma mkati mwa selo. Selo imene inali yozungulira ndi yofewa imapindika ngati zenga, n'kumakodwa m'timitsempha ting'onoting'ono. Magazi akaima, mnofu ndi fupa za kutsogoloko zimasowa mpweya, ndiwo ululu umene Tadala amalira nawo. Komanso selo yofiira yabwino imakhala masiku ngati 120, pamene yopindikayi imafa pa masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake magazi amachepa ndipo maso amachita chikasu.

Aphunzitsi Mbewe: Tsopano ndamva. Chilembo chimodzi, mavuto onsewo. Anazindikira liti zimenezi?

Yamikani ku Cape Town: Pang'onopang'ono. Mu 1910 dokotala wa ku Chicago, James Herrick, analemba za maselo opindika m'magazi a mnyamata wochokera ku Grenada. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti hemoglobin yake ndiyo yosiyana. Cha mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anapeza kagawo kamodzi kenikeni kamene kanasinthika.

Dalitso wa ku Joni: Koma inu, bwanji matendawa amakonda ife akuda? Ine zimandikayikitsa. Chilichonse choopsa chimathera ku Africa.

Yamikani ku Cape Town: Achimwene Dalitso, yankho lake ndi malungo, osati khungu. Matendawa aliponso ku India, ku Saudi Arabia, ku Greece ndi kumwera kwa Italy, madera amene kunali malungo ambiri. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu a AS amatetezeka ku malungo. Mwana wa AS amatha kudwala malungo, koma nthawi zambiri safika pa aja okomola ndi kupha. Ndiye kwa zaka masauzande ambiri, kumene udzudzu unkapha ana, a AS ankapulumuka kwambiri n'kudzabereka, chotengeracho n'kumafalikira. Chimene chinapulumutsa agogo athu ndicho chikupweteka mwana akalandira mbali ziwiri.

Lusungu: Ndiikepo mawu msanga pamenepa, chifukwa anthu amasokoneza. Chitetezocho n'cha AS. Ife a SS malungo akatigwira amatitsitsa magazi moopsa. Ine ndili ndi zaka 27, ndine SS, ndimagona mu neti chaka chonse ngakhale m'chilimwe. Mayi a Tadala, neti musamaisiye tsiku ndi limodzi lomwe.

Mayi a Tadala: Zikomo achemwali. Kungomva kuti muli ndi zaka 27 misozi yatuluka, chifukwa ena anandiuza kuti sadzafika sitandade 5. A Yamikani, pali china chimene apongozi anga amagwira ngati umboni. Akuti mwanayu anabadwa bwinobwino, wonenepa, miyezi isanu ndi umodzi osadwala. Atakwana miyezi isanu ndi iwiri m'pamene manja ndi mapazi zinatupa, akulira osatonthola. Akuti chikanakhala chobadwa nacho chikanaoneka tsiku loyamba, ndiye alipo anamuchita chipongwe. Ine ndimasowa chowayankha chifukwa n'zoona, anabadwa bwino.

Yamikani ku Cape Town: Mayi, zimene apongozi anu anaona n'zoona, ndipo funso lawolo ndi lomwe linatsegula njira ya mankhwala a mu vidiyo yanu. Ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Mwana ali m'mimba sagwiritsa ntchito hemoglobin ya akuluakulu. Ali ndi yakeyake, timaitcha HbF, yopangidwa ndi jini ina, osati HBB yolakwika ija. HbF imakoka okosijeni mwamphamvu kuti mwana azitha kulanda mpweya kuchokera m'magazi a mayi ake. Ilibe valine uja, simatana, ndipo ikakhala yambiri m'selo imalepheretsa ngakhale ya sickle kupanga timitengo tija. Mwana akabadwa, thupi limayamba kutseka HbF n'kutsegula ya akuluakulu. Pofika miyezi isanu ndi umodzi HbF imakhala itatsika kwambiri, ndipo apa m'pamene matenda amaonekera. Kutupa manja ndi mapazi ndicho chizindikiro choyamba kwa ana ambiri. Tadala sanachitidwe chipongwe. Anabadwa nazo, kungoti miyezi yoyamba ija magazi a ukhanda ankamutchinga.

Dokotala wa ana ku Brooklyn, Janet Watson, anazindikira zimenezi mu 1948. Kuyambira pamenepo funso linali lakuti, kodi chimatseka HbF n'chiyani, ndipo tingachiletse? Panalinso mabanja ena amene HbF yawo sitsekeka mpaka kukula, ndipo a SS a m'mabanja otere ankadwala pang'ono kapena osadwala n'komwe. Yankho linachedwa zaka 60. Mu 2007 ndi 2008, ofufuza atayerekeza DNA ya anthu ambirimbiri, gulu la Swee Lay Thein ku London ndi ena analoza jini yotchedwa BCL11A, ndipo labu ya Stuart Orkin ku Boston inatsimikiza kuti imeneyi ndiyo loko wotseka HbF. Kenako anapeza kachigawo kakang'ono ka DNA kamene kamadzutsa BCL11A m'maselo opanga magazi ofiira okha. Ukawononga kameneko, loko amathyoka m'magazi mokha, kwina konse m'thupi BCL11A n'kumagwirabe ntchito zake.

Chida chodulira chinabwera mu 2012, CRISPR-Cas9, ntchito ya Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Ndi lumo limene umaliuza malo enieni oti likadule pa DNA. Mankhwala a mu vidiyo yanu dzina lake ndi Casgevy. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sakonza chilembo cholakwika chija ayi. GTG imakhala pomwepo. Iwo amathyola loko kuti thupi libwerere ku magazi a ukhanda.

Nachisale: Ndiye kuti munthu wamkulu amayamba kuyenda ndi magazi onga a khanda? Zodabwitsa.

Anagama ku Leeds: Eya, ndi momwemo. Ine ndine namwino kuno ku England, ndiwonjezere mbali imene mavidiyo sanena. Si jakisoni wongobaya n'kumapita kunyumba. Poyamba wodwala amaikidwa magazi kwa miyezi ingapo. Kenako amamukoka maselo a m'mongo wa mafupa, aja amene amabala magazi onse, nthawi zina maulendo angapo kuti akwane. Maselowo amapita ku labu kukadulidwa, zimatenga miyezi. Akabwera, wodwala amapatsidwa busulfan, mankhwala amphamvu a gulu la khansa, kuti aphe mongo wakale mpata upezeke. Tsitsi limathothoka, mkamwa mumachita zilonda, chitetezo chimatheratu kwa milungu, munthu amagona m'chipinda chayekha mwezi kapena kuposa. Ndipo busulfan amatha kumulanda munthu mphamvu yobereka. Casgevy poyamba anamuloleza kwa odwala oyambira zaka 12.

Koma zotsatira zake n'zenizeni. Woyamba wa sickle cell kulandira anali Victoria Gray wa ku Mississippi, mu 2019. Pa kafukufuku amene a FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, anaunika, anthu 29 mwa 31 anatha chaka chathunthu osagwidwa ndi ululu woopsa uja. Britain inavomereza mu November 2023, America mu December chaka chomwecho. Mtengo umene analengeza ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Kuno a NHS, a zipatala za boma, anavomera kuyamba kupereka mu January 2025, kwa odwala kwambiri okha amene alibe m'bale woti angawapatse mongo.

Dalitso wa ku Joni: 2.2 miliyoni ya madola. Mwaona zimene ndimanena? Odwala ali kuno, mankhwala ali uko.

Yamikani ku Cape Town: Pamenepa sindikutsutsani, zimandiwawa inenso. Chiwerengero cha 2021 chinaonetsa kuti ana pafupifupi 515,000 anabadwa ndi matendawa chaka chimenecho padziko lonse, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo ndi a kuno kumwera kwa Sahara. Ngakhale mtengo utatsika mawa, pafunika chipatala chodziwa kusintha mongo, magazi okwanira osungidwa, magetsi osazima. Chimene ambiri akulimbana nacho m'malabu tsopano n'kupeza njira yoti lumolo lilowe m'thupi ndi jakisoni, likapeze lokha maselo a m'mongo, popanda busulfan. Mu 2019 bungwe la NIH la ku America ndi Gates Foundation analonjeza madola 200 miliyoni pa ntchito ya mtundu umenewu, ya sickle cell ndi HIV, poganizira Africa. Sizinafike pa odwala athu, ndipo sindikufuna kuti mayi a Tadala agulitse munda podikira zimenezo. Ndionjezere kuti aku Africa sitili ongoonerera. Ku Muhimbili ku Dar es Salaam, Pulofesa Julie Makani wakhala akutsata odwala masauzande kwa zaka zambiri, ndipo kafukufuku wa DNA yawo anaonetsa kuti BCL11A yomweyo ndi imene imasiyanitsa kuchuluka kwa HbF pakati pa anthu a kuno.

Lusungu: Mayi a Tadala, Tadala akumwa hydroxyurea?

Mayi a Tadala: Ayi. Adokotala anatchulapo chaka chatha, koma nditafunsa anzanga anandiuza kuti ndi mankhwala a khansa, ndinachita mantha n'kukana. Amangomwa folic acid.

Lusungu: Chonde bwererani mukakambirane nawonso. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 19. Ndisanayambe ndinkagonekedwa kanayi kapena kasanu pachaka, mayeso a Fomu 4 ndinalemba kawiri chifukwa ulendo woyamba ndinali pa bedi. Tsiku lina pa chipatala china ndikugubuduka ndi ululu, wina wovala yunifolomu ananena pamaso pa amayi anga kuti ndazolowera jakisoni, ndikunamizira. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero kuposa ululuwo. Chiyambireni mankhwalawa pali zaka zina zimene sindinagonepo m'chipatala. Sindinachire, nyengo yozizira kuno ku Mzuzu mafupa amandikumbutsabe, koma ndimagwira ntchito ndipo ndimadzilipirira lendi.

Chimwemwe wa ku labu: N'zoona kuti hydroxyurea anayamba ngati mankhwala a matenda ena a khansa ya m'magazi, koma pa sickle cell amaperekedwa pa mlingo woyezedwa ndi kulemera kwa mwana. Ndipo mayi, taonani, amagogoda pa khomo lomwe lija a Yamikani afotokoza: amakweza HbF. Casgevy amathyola loko kamodzi, hydroxyurea amakankha chitseko pang'ono tsiku lililonse. Amachepetsanso maselo oyera amene amathandiza kutseka mitsempha. Ku America kafukufuku wa 1995 anaonetsa kuti ululu umatsika pafupifupi ndi theka. Anthu ankakayikira ngati angagwire bwino kuno kumene kuli malungo ndi kunyentchera, ndiye panachitika kafukufuku wa REACH pa ana oposa 600 ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2018. Ululu unachepa, kuikidwa magazi kunachepa, imfa zinachepa, ndipo chimene sanayembekezere, malungo nawo anatsika pafupifupi ndi theka. Chofunika n'kumayezetsa magazi pa nthawi imene adokotala anena, chifukwa mlingo ukapyola maselo oyera amatsika kwambiri. Musagule pa famase n'kumamupatsa nokha. Inu muli ku Lilongwe, ku Kamuzu Central kuli kiliniki ya ana a sickle cell, ndipo a kumwera amapita ku Queens.

Anagama ku Leeds: Ndipo ana ang'onoang'ono chimene chimawapha kawirikawiri si ululu, ndi tizilombo. Kapamba amawonongeka msanga ndi maselo opindikawa, ndiye chibayo ndi matenda a m'magazi zimalowa mosavuta. Mu 1986 anapeza kuti penicillin wa tsiku ndi tsiku amachepetsa matenda oopsawa ndi 84 pa 100 alionse mwa ana aang'ono. Katemera yense alandire. Thupi likangotentha, musadikire kuti kuche. Akayera m'manja ndi m'zikope mwadzidzidzi, mimba kumanzere n'kutupa, thamangani. Akayamba kukoka mwendo, kukamwa kupotoka kapena kulankhula movutika, imeneyo ndi sitiroko, imagwira ngakhale ana a zaka zake. Madzi akumwa azikhala nawo m'chikwama cha kusukulu, ndipo aphunzitsi ake adziwe.

Dalitso wa ku Joni: Ine ndikuona kuti njira yachidule ndi yoti boma lilamule kuyezetsa anthu asanakwatirane. AS ndi AS asamaloledwe, basi matenda atha.

Lusungu: Achimwene, kuyezetsa ndikuvomereza ndi mtima wonse, aliyense adziwe magazi ake asanalowe m'banja. Koma kuletsa ayi. Bambo ndi mayi anga onse ndi AS. Lamulo lanulo likanakhalapo, ine kulibe, azichimwene anga atatu amene sadwala kulibenso. Ndimamva mawu amenewa kawirikawiri, ndipo amene amawanena saganiza kuti akulankhula ndi munthu amene akunenedwayo. Anthu auzidwe zoona zonse, ululu wake, ndalama zake, mwayi umodzi mwa inayi uja, kenako asankhe okha. Ndipo ngati boma lili ndi mphamvu yoyeza, liyambe ndi makanda pobadwa. Ana ambiri kuno amamwalira asanadziwike n'komwe kuti anali SS, pa maliro n'kumati anali malungo kapena kuchepa magazi.

Dalitso wa ku Joni: Pepani achemwali, sindinaganize mbali imeneyo. Ndinalankhula mopupuluma.

Aphunzitsi Mbewe: Zimene wanena Lusungu zandikumbutsa mlongo wanga. Anataya ana awiri m'zaka za m'ma 1980, onse asanakwane zaka zitatu, onse ankatupa manja ndi kuyera maso. Mudzi wonse unaloza mayi wina wokalamba, mpaka anasamuka. Ndakhala chete apa ndikuwerenga mobwereza zimene walemba Yamikani za miyezi isanu ndi umodzi. Mlongo wangayo ali moyo, adzukulu ake akukwatira tsopano. Ndikawauza akayezetse.

Mayi a Tadala: Abale, ndabweranso patapita masiku. Ndinawapatsa bambo a Tadala foni kuti awerenge okha zonse. Sanayankhe kanthu usiku umenewo, koma Lachiwiri anati tiyeni. Tayezetsa tonse, iwo AS, ine AS, mwana wathu woyamba AA, alibiretu chotengeracho. Wamng'ono wa miyezi inayi amutenga magazi, zotsatira sizinatuluke, mundipempherere. Bambowo anena kuti kumudzi akafotokoza okha kwa amayi awo, ine ndisavutike. Tadala amuyeza magazi ndi sikelo, akuti akaona zotsatira amuyambitsa hydroxyurea sabata yamawa. A Lusungu, mwanayu kapisozi amamukanika kumeza, ndipo mankhwala akamva kuwawa amalavula. Ndizitani?

Lusungu: Auzeni adokotala kapena a ku famase ya chipatala tsiku lomwelo, akuonetseni okha kaperekedwe kake, musatsegule kapisozi mwa nzeru zanu, ndipo inu poti mukuyamwitsa muzisamba m'manja mukagwira mankhwalawo. Musankhe ola limodzi losasintha, ine ndimamwa usiku ndikamagona. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba mwina simuona kusintha, musasiye. Zikhadabo zikayamba kuda musadabwe, zanganso zinada. Lachisanu ndikubwera ku Lilongwe ku ukwati wa msuweni wanga, ndilembereni ku inbox, ndikufuna ndidzamuone Tadala.